Matepi a Magudumu Awiri: Zoyenera Kudziwa Munthu Asanayambe

Mawu oyamba

Ambiri mwa ife tinakula ndi kaseti, ena anapeza CD, ndipo ana a masiku ano amangomvera nyimbo pafoni. Choncho tikamva kuti ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene akulipira ndalama zokwana kugula galimoto pofuna makina oimbira matepi akuluakulu ozungulira pa magudumu awiri, timayesa nthabwala. Koma ndi zoona. Matepi amenewa, omwe pa Chingerezi amatchedwa reel-to-reel, abwereranso pakati pa anthu okonda kumva nyimbo zomveka bwino koposa.

Kwa Mmalawi nkhaniyi ili ndi mbali ina yoposa chisangalalo cha anthu olemera. Nyimbo, nthano ndi malankhulidwe a makolo athu kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 zinajambulidwa pa matepi a mtundu womwewu. Matepiwo akukalamba, makina owaimbira akusowa, ndipo amisiri odziwa kukonza makinawo akutha. Chimangirizo chino chifotokoza momwe tepi imagwirira mawu, kumene inachokera, ntchito imene yagwira m'dziko muno, ndi zimene munthu ayenera kudziwa asanagule makina. Pomaliza tiyesa zonsezi ndi nyengo ya kugombe la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, pakuti chipangizo chimene chingapirire ku Kachulu chingapirire malo ambiri m'Malawi.

Momwe tepi imagwirira mawu

Tepi ndi kachingwe kopyapyala ka pulasitiki kopakidwa mbali imodzi ndi fumbi losalala la dzimbiri la chitsulo. Fumbi limeneli amalimata ndi guluu wapadera. Munthu akamaimba, maikolofoni imasandutsa mawu ake kukhala mphamvu ya magetsi yomwe imakwera ndi kutsika motsatira mawuwo. Mphamvuyo imafika pa hedi, kachitsulo kokhala ndi kampata kochepa kwambiri, ndipo pamenepo imasanduka mphamvu ya maginito. Tepi ikamadutsa pa kampatako, tinthu ta dzimbiri tija timayalidwa mwa dongosolo lofanana ndi mawu aja. Poimba tepiyo zinthu zimayenda mobwerera: maginito a pa tepi amadzutsa magetsi mu hedi, ampulifaya imawakuza, ndipo sipika imatulutsa mawu.

Makina abwino amakhala ndi mahedi atatu: yofufuta, yojambula ndi yoimba. Ubwino wake ndi woti wojambula amatha kumva zimene zalowadi pa tepi nthawi yomweyo, osadikira kuti gule athe. Tepi imakokedwa ndi kamtengo kachitsulo kozungulira komwe kamapanikizana ndi kagudumu ka labala. Ziwiri zimenezi ndizo zimasunga liwiro kuti lisasinthesinthe. Magudumu akuluakulu aja ntchito yawo ndi kungomasula ndi kukulunga tepi basi.

Kaseti imagwira ntchito mwa njira yomweyi, kusiyana kwake kuli pa kukula ndi liwiro. Tepi ya mu kaseti, yomwe kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, ndi yotambalala mamilimita 3.81 ndipo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Tepi ya magudumu ya m'nyumba ndi m'mawayilesi ndi ya mamilimita 6.35, ndipo imayenda masentimita 9.5, 19 kapena 38 pa sekondi. Pa liwiro la 38 tepi imathamanga kasanu n'katatu kuposa kaseti, komanso kanjira kamene mawu amalembedwamo ndi kotambalala pafupifupi katatu. Tikawerengetsa, sekondi imodzi ya nyimbo imapatsidwa malo ochuluka pafupifupi ka 25. Zili ngati kulemba kalata pa pepala lalikulu m'malo moipanikiza kuseri kwa bokosi la machesi. N'chifukwa chake phokoso losokosera lija limachepa ndipo mawu ang'onoang'ono, monga a maseche ndi chisekese, amamveka bwino.

Kumene inachokera

Tepi inabadwira ku Germany. Fritz Pfleumer analembetsa luso lopaka fumbi la chitsulo pa pepala mu 1928, ndipo mu 1935 kampani ya AEG inaonetsa makina otchedwa Magnetophon mumzinda wa Berlin. Poyamba mawu ankatuluka osalongosoka, kufikira cha mu 1940 pamene Walter Weber wa ku wayilesi ya dzikolo anapeza kuti kusakaniza mawu ndi kamphamvu kena ka magetsi kothamanga kwambiri, kosamveka ndi khutu, kumayeretsa zojambulazo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, msilikali wa ku America, Jack Mullin, anatengera makinawa kwawo. Woimba wotchuka Bing Crosby anaikapo ndalama, ndipo mu 1948 kampani ya Ampex inatulutsa makina ake oyamba otchedwa Model 200.

Chimene chinathandiza kwambiri ofufuza a ku Africa ndi makina onyamulika. Mu 1951 Stefan Kudelski, wobadwira ku Poland koma wokhala ku Switzerland, anapanga Nagra, dzina lotanthauza kuti "idzajambula" m'chilankhulo cha kwawo. Nagra III ya mu 1958 inkayendera mabatire, chimodzimodzinso Uher 4000 Report ya ku Germany yomwe inatuluka mu 1961. Kuyambira pamenepo munthu mmodzi ankatha kukoleka makina paphewa n'kukafika kumudzi kopanda magetsi.

Matepi m'dziko muno

Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954 ku South Africa, anayendera dziko la Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za Achewa, Amang'anja, Ayao, Atumbuka ndi Atonga. Iye ankayenda ndi jenereta imene ankaiika patali kuti phokoso lake lisalowe mu nyimbo, ndipo maikolofoni ankaigwira pamanja n'kumaisendeza kwa woimba aliyense. Matepi ake akusungidwa ku Rhodes University, komwe nkhokweyo inasamukira mu 1978, ndipo nyimbo zina za ku Malawi zinatulutsidwanso pa CD ndi kampani ya SWP Records. M'zaka zomwezo wayilesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa mapulogalamu m'Chinyanja, ndipo Alick Nkhata, yemwe anagwirapo ntchito ndi Tracey, anali mmodzi mwa oimba ndi aulutsi ake odziwika.

Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka n'kuyamba kujambula nyimbo zawo. Ubale umenewu unapitirira zaka zambiri, ndipo unabala ntchito ina yofufuza nthano ndi nyimbo yomwe Moya Aliya Malamusi anaitsogolera ku Chileka komweko. Zambiri zimene Kubik anajambula zikusungidwa ku Phonogrammarchiv mumzinda wa Vienna. Buku lake lofotokoza nyimbo za ku Malawi linasindikizidwa ku Chancellor College kuno ku Zomba mu 1987.

Nkhokwe yaikulu ya m'dziko muno ndi ya wayilesi ya MBC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu iyi inali wayilesi yokhayo m'Malawi, ndipo kwa oimba ambiri inalinso malo okhawo ojambulirako nyimbo. Ogwira ntchito ake ankayendera maboma ndi makina a tepi kukajambula magule ndi oimba a m'midzi. Oimba ngati Allan Namoko ndi Michael Yekha anadziwika dziko lonse kudzera pa wayilesiyi. Pa nthawiyo mkonzi wa pulogalamu akafuna kuchotsa mawu olakwika ankadula tepi ndi lezala n'kuilumikiza ndi kapepala komata. M'zaka za m'ma 2010 MBC inayamba kusamutsira matepi ake pa kompyuta ndi thandizo lochokera ku Norway.

Kwa ife ophunzira chilankhulo, matepi amenewa ndi umboni wosasinthanitsika. Chichewa ndi chilankhulo chodalira kukwera ndi kutsika kwa liwu. Pa pepala, mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo zimalembedwa chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa. Wofuna kudziwa momwe Mnyanja wa ku Zomba ankatchulira mawu zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo sangazipeze m'buku. Angazipeze pa tepi pokha.

Chifukwa chiyani yabwereranso?

Kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, pafupifupi chimbale chilichonse padziko lapansi chinkayamba chajambulidwa pa tepi. Tepi yoyambayo ndiyo mayi wa mbale zonse, makaseti ndi ma CD amene anatsatira. Mu 2007 kagulu ka ku America kotchedwa The Tape Project kanayamba kugulitsa makope otengedwa kufupi kwenikweni ndi tepi yoyambayo, ojambulidwa pa liwiro la masentimita 38 pa sekondi. Makampani ena, monga Analogue Productions, anatsatira. Mfundo yawo ndi yoti womvera akumwa madzi pa kasupe penipeni, osati kumunsi kwa mtsinje.

Mtengo wake ndi woopsa. Gudumu lalikulu la masentimita 26.5 limanyamula tepi yotalika mamita pafupifupi 760, yomwe pa liwiro limeneli imatha m'mphindi 33 zokha. Choncho chimbale chimodzi chimafuna magudumu awiri, ndipo zimbale zotere zakhala zikugulitsidwa pa madola 450 kapena kuposerapo. Makina atsopano aliponso: kampani ya Ballfinger ya ku Germany inayamba kuwapanga, ndipo mu 2024 Revox inatulutsanso B77 yatsopano pa mtengo woposa madola 15,000. Matepi opanda kanthu akupangidwa ndi makampani ochepa, odziwika kwambiri ndi Recording The Masters ya ku France ndi ATR Magnetics ya ku America.

Apa tiyenera kunena chilungamo. Tikayeza ndi zipangizo, chojambulira chabwino chamakono chimaposa tepi. Phokoso lake ndi lochepa, liwiro lake silisintha, ndipo kope lake limafanana ndendende ndi choyambacho, pamene tepi imataya kanthu nthawi iliyonse ikakopedwa. Chimene anthu amakonda pa tepi ndi khalidwe lake. Ng'oma ikalira mwamphamvu kupitirira muyeso, tepi imaifewetsa pang'onopang'ono m'malo moiswa mwaukali, ndipo makutu ambiri amamva kukoma pamenepo. Chinanso n'choti zimbale za pa tepi nthawi zambiri sizipanikizidwa kuti zimveke mokweza ngati zambiri za masiku ano. Choncho wogula adziwe kuti akugula kakomedwe kena ka mawu, osati ungwiro.

Kusankha makina

Safunsa anadya phula. Munthu asanatulutse ndalama adzifunse mafunso anayi.

Funso loyamba: kodi ndikufuna kuimba matepi ati? Pa tepi ya mamilimita 6.35 mawu amalembedwa m'njira zosiyana. Pali matepi a kanjira kamodzi kodzaza tepi yonse, omwe ofufuza ndi mawayilesi akale ankagwiritsa ntchito. Pali a tinjira tiwiri, omwe ndi a m'masitudiyo ndi zimbale zodula za lerozi. Palinso a tinjira tinayi, a m'nyumba, omwe tepi ikafika kumapeto amaitembenuza ngati kaseti. Mukaika tepi ya tinjira tinayi pa makina a tinjira tiwiri, mumamva nyimbo ziwiri nthawi imodzi, ina ikuyenda chafutambuyo. Makina ena, monga mitundu yambiri ya Otari MX-5050 ndi Technics RS-1500, ali ndi hedi yachinayi moti amaimba matepi a tinjira tiwiri ndi a tinayi omwe.

Funso lachiwiri ndi la liwiro ndi kukula kwa magudumu. Makina ambiri a m'nyumba a Akai, Sony ndi Teac amathamanga pa 9.5 ndi 19 ndipo amalandira magudumu a masentimita 18. Amenewa ndi okwanira kuimbira matepi ambiri a m'mabanja, m'mipingo ndi m'masukulu. Wofuna zimbale zodula zija afunika makina ofika pa 38 komanso olandira magudumu akuluakulu. Revox A77 ya mu 1967 ndi B77 ya mu 1977 zinapangidwa m'mitundu yosiyana, ina yothamanga ina ayi, choncho dzina lokha silokwanira. Makina a Studer, monga A807 ndi A810, ndi a m'masitudiyo, olimba koma olemera ndi odula.

Funso lachitatu ndi la kakonzedwe ka mawu. Pojambula, makina amakweza mbali zina za mawu, ndipo poimba amazibwezera m'malo mwake. Pali miyeso iwiri: NAB ya ku America ndi IEC, yomwe ena amati CCIR, ya ku Ulaya. Tepi ikaimbidwa ndi muyeso wolakwika imamveka yakuthwa kwambiri kapena yobanika. Zimbale zatsopano zambiri zimatsata IEC, chimodzimodzinso matepi ambiri a mawayilesi otsata dongosolo la ku Ulaya. Makina okhala ndi batani losinthira miyeso iwiriyi ndiwo abwino.

Funso lachinayi ndi la magetsi, ndipo Amalawi ogula katundu wogwiritsidwapo kale ntchito kunja ayenera kusamala pano. Magetsi athu ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. A ku America ndi a mavoti 120 ndipo amasinthasintha ka 60, pamene a ku Japan ndi a mavoti 100. Thiransifoma imatsitsa mavoti, koma siisintha 50 kukhala 60. Makina akale ambiri ali ndi mota yotenga liwiro lake ku magetsiwo, moti makina opangidwira ku America akalumikizidwa kuno amayenda pang'onopang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Mawu a mayi amalemera, nyimbo imakwawa, ndipo wofufuza kakwezedwe ka liwu amasokera. Ndi bwino kugula makina opangidwira Ulaya kapena South Africa, kapena amene mota yake ili ndi chowongolera liwiro chakechake.

Kusamala makina

Makina ambiri opezeka pamsika ali ndi zaka zoposa makumi anayi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kunja angawale koma m'kati muli zambiri zotha. Chinthu choyamba kuyang'ana ndi mahedi. Tepi ikakhula hedi kwa zaka zambiri imasiya mphako yooneka ndi maso, ndipo hedi yotero imataya mawu ang'onoang'ono. Chachiwiri ndi kagudumu ka labala kaja, komwe kamauma n'kung'aluka kapena kusungunuka ngati phula. Malamba nawo amatamuka, mafuta akale amauma, mabuleki amalephera, ndipo tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwake timatha mphamvu. Pa ndalama zimene mwakonza, sungani gawo labwino la mmisiri ndi zosinthira, ndipo mmisiriyo mumupeze musanagule makina, osati pambuyo pake.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yosavuta. Pukutani mahedi ndi njira yonse yodutsa tepi ndi kathonje konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol, osati sipiliti yofiirira ya m'magolosale yomwe imasiya zotsalira. Patapita maola angapo a ntchito, chotsani maginito omwe amadziunjika pa mahedi pogwiritsa ntchito kachipangizo kake, makina ali ozimitsa ndipo matepi ali kutali. Musayandikize sikuludiraiva ya maginito pa hedi. Kuti hedi iime mowongoka komanso kuti mawu atuluke pa muyeso woyenera, amisiri amagwiritsa ntchito tepi yoyesera yokhala ndi malikhweru odziwika kale. Ntchito imeneyo si yoyerekeza. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: makina amene mwangogula kumene ayeseni ndi tepi yopanda ntchito, osati tepi yokhala ndi mawu a agogo.

Matenda a matepi akale

Matepi a m'ma 1950 ndi ena a m'ma 1960 anapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa acetate. Mukayang'ana gudumu lake cham'mbali moloza kudzuwa, kuwala kumadutsa. Tepi yotere imaduka msanga, ndipo ikayamba kuwola imanunkha viniga n'kumapindika. Yonunkhayo iyenera kupatulidwa kwa zinzake n'kukopedwa mwamsanga, pakuti kuwolako sikubwerera m'mbuyo.

Matepi a pambuyo pake ndi a polyester, yomwe siduka msanga koma imatamuka. Ambiri a m'ma 1970 ndi m'ma 1980, monga Ampex 406 ndi 456, ali ndi vuto lina: guluu womata fumbi lija amamwa chinyezi cha mumpweya n'kuyamba kunanda. Tepi yotere imalira ngati khoswe ikamadutsa pa hedi, imasiya zakuda, ndipo nthawi zina imaimitsa makina. Zakuda zotsalazo ndiwo mawu enieniwo akuchoka. Mukangomva kulirako, imitsani. Akatswiri amaiumitsa mu uvuni wapadera pa madigiri pafupifupi 50 kwa maola ambiri, ndipo imachira kwa masiku kapena masabata ochepa, okwanira kuikopa. Uvuni wa kukhitchini, mbaula kapena kuyanika padzuwa zimapha tepi, ndipo ya acetate siyenera kutenthedwa m'pang'ono pomwe.

Vuto lachitatu ndi nkhungu yoyera yomera m'mbali mwa gudumu. Nkhunguyi imawononga tepi, imafalikira pa makina, komanso ndi yoipa m'mapapo. Lachinayi ndi loti maginito a chigawo chimodzi cha tepi amadinda pa chigawo choyandikana nacho, moti mumamva kamawu kakutali woimba asanayambe. Pofuna kuchepetsa zimenezi, akatswiri amasunga tepi osaibweza ikatha kuimbidwa, ndipo amaibweza tsiku loti aiimbenso.

Mayeso a ku Chilwa

Kuchoka mumzinda wa Zomba kutsikira ku doko la Kachulu ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30. Chilwa ndi nyanja yosaya, ya madzi a mchere pang'ono, yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ngati Likangala ndi Domasi imathiramo, ndipo madziwo amachoka pouma ndi dzuwa basi. Mu 1997 nyanjayi inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo. Inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadzetsa madzi osefukira m'maboma a kum'mwera kuphatikizapo Zomba ndi Phalombe.

Kudera kumeneku kuli adani onse a tepi. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumafulumizitsa kuwola. Chinyezi cha dzinja ndicho chakudya cha nkhungu, yomwe imamera chinyezicho chikapitirira pafupifupi 65 pa 100 iliyonse kwa nthawi yaitali. M'chilimwe fumbi la padambo louma limakhula mahedi ngati mchenga. Magetsi sanafike nyumba zambiri, ndipo kumene afika, kuzimazima kwake n'koopsa kwa makina akale. Nkhokwe za akatswiri zimasunga matepi pa madigiri osapitirira 20 ndi chinyezi cha pakati pa 30 ndi 40 pa 100 iliyonse, zomwe nyumba ya malata ya ku Kachulu singakwanitse.

Komabe pali zimene munthu wamba angachite. Tepi iliyonse ikhale m'bokosi lake ndipo mabokosiwo aimikidwe ngati mabuku, osati kusanjikizidwa. Akhale pa shelefu yokwera, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi denga la malata, khoma lonyowa, utsi wa kukhitchini ndi masipika. Chidebe chotseka bwino chokhala ndi timatumba ta silika toyamwa chinyezi chimathandiza, bola tepiyo ikhale youma poiikamo ndipo isakhale yonunkha viniga. Makina afundidwe nsalu, ndipo alumikizidwe kudzera pa chotetezera magetsi. Koma nzeru yaikulu ndi yoti tepi yamtengo wapatali isakhalitse kunyanja. Ikwere kumtunda ku Zomba, komwe kuli National Archives of Malawi ndi University of Malawi, eni ake atsale ndi kope.

Nanga bwanji zojambula zatsopano? Gombe limeneli lili ndi zambiri zoyenera kusungidwa. Kumakumana Anyanja, Ayao ndi Alomwe, ndipo chilankhulo cha padoko chimasakaniza zonsezi. Kuli mawu a usodzi wa matemba, makumba ndi milamba, moyo wa m'zimbowera zoyandama pamadzi, mbiri ya chilumba cha Chisi, ndi magule ngati manganje ndi tchopa, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2014. Nyanja ikaphwa asodzi amabalalika, ndipo mawu ena sabwerera nawo madzi akabwerera. Kafukufuku wa yunivesite wotsogozedwa ndi Margaret Kalk, yemwe buku lake linatuluka mu 1979, anasunga zambiri za madzi, nsomba, zomera ndi moyo wa anthu, koma pepala silisunga liwu. Pa ntchito yojambula lero, kachojambulira kamakono ka m'thumba kokhala ndi maikolofoni yabwino ndiko koyenera. Kamayendera mabatire ang'onoang'ono, kamajambula maola ambiri, ndipo mtengo wake sufika pa wa zimbale ziwiri za pa tepi. Kunyamula makina a magudumu kupita nawo m'bwato lero n'kudzivutitsa chabe.

Kusamutsira mawu pa kompyuta

Mu 2019 UNESCO pamodzi ndi bungwe la IASA, loona za nkhokwe za mawu ndi zithunzi, anachenjeza dziko lonse kuti makina oimbira matepi ndi zosinthira zake zikutha, ndipo kuti zimene sizikopedwa msanga zidzatayika ngakhale tepiyo itakhala yabwinobwino. Apa ndi pamene munthu wokhala ndi makina abwino angathandize mtundu wake.

Dongosolo lake ndi lotere. Yambani mwajambula chithunzi cha bokosi ndi kulemba zonse zolembedwapo: dzina la woimba, mudzi, tsiku, liwiro. Fufuzani fungo, nkhungu ndi malumikizidwe akale omwe amatha kumatuka. Dziwani tinjira take, liwiro lake ndi muyeso wake. Kenako imbani tepi yonse kamodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mukujambula pa kompyuta ngati fayilo ya WAV ya 96 kHz ndi 24 bit, monga amachitira akatswiri ambiri. Musasunge ngati MP3, chifukwa imataya mbali zina za mawu. Kope loyambali musalikonze kapena kulichotsa phokoso. Zokonza zichitike pa kope lina. Sungani makope osachepera awiri m'malo osiyana, ndipo tepi yeniyeniyo musaitaye.

Pali udindo winanso. Nyimbo ili ndi eni ake. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 ndi bungwe la COSOMA zimateteza ntchito za oimba komanso zachikhalidwe. Nyimbo zina, monga za kusimba ndi za kudambwe, sizoyenera kumveka paliponse. Wokopa afunse achibale a woimba ndi mafumu a deralo asanaike kanthu pa intaneti, ndipo kope limodzi libwerere kumudzi kumene mawuwo anachokera.

Pomaliza

Taona kuti tepi ya magudumu imamveka bwino chifukwa cha kutambalala ndi liwiro lake, kuti kubweranso kwake kwabwera ndi mitengo imene Amalawi ochepa angaikwanitse, ndiponso kuti woyamba kumene ayenera kulingalira za tinjira, liwiro, muyeso wa mawu ndi magetsi asanagule makina. Amene ali nazo ndalama ndipo amakonda kuona magudumu akuzungulira pamene nyimbo ikulira, palibe womuletsa. Koma m'dziko muno phindu lalikulu la makinawa lili pa matepi amene alipo kale m'makabati a mawayilesi, mipingo, masukulu ndi mabanja. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma kuti akome ayenera kupezeka. Choncho sitepe yoyamba si kugula makina ayi. Ndi kufunsa kunyumba, kutchalitchi, kumzikiti ndi kusukulu ngati kuli bokosi la tepi lomwe laiwalika, kulemba zimene zili pa bokosilo, kulichotsa pa chinyezi, ndi kufunafuna munthu wodziwa kuliimba mosamala nthawi isanathe.